Mzere wa mamita 477 ndi bango la ku Ngala

Anthu a ku Ngala sanaiwale chaka cha 2024. Mu Febuluwale mtsinje wa Dwangwa unasefukira, mabanja ambiri nathawira m'misasa. Pofika Epulo nyanja nayo inali itakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, n'kumeza madooko ndi nyumba za m'mphepete.

Kudzaza ndi kuphwa kwa nyanjayi si kwa lero. Pakati pa 1915 ndi 1935 madzi anatsika moti mtsinje wa Shire unaleka kutuluka m'nyanja. Madzi ambiri sachoka kudzera mu Shire ayi, amauma ndi dzuwa ndi mphepo, kotero zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde zimangothandizako, sizingailamule nyanja. Kusintha kwa nyengo kwawonjezera vuto lina: mvula siikupanganikanso.

N'chifukwa chake malamulo a zamadzi, amene bungwe la National Water Resources Authority limayang'anira, amaletsa kumanga kumunsi kwa mzere wa mamita 477. Malo amenewo mwini wake ndi bango. Bango limaswa mafunde a mwera asanagumule gombe, limagwira matope ochokera kumtunda, ndipo ndimo mobisala tiana ta chambo. Wolitentha kuti atsegule dimba amakolola chaka chimodzi, chaka chinacho dimbalo lili m'madzi. Kulima m'magombe a mitsinje n'chimodzimodzi: matope akakwirira timiyala ta mu Bua, mpasa umasowa poikira mazira.

Wofuna kumanga kufupi ndi nyanja ayambe wafunsa ku khonsolo kumene mzerewu wadutsa, asanaumbe njerwa.