Tulo kapena jakisoni wa pamsana kwa munthu wa chilungulira

Mayi wapakati akafika pachipatala cha boma cha Mchinji mwana atakanika kubadwa, kaya wachokera ku Kapiri, ku Mkanda kapena kutsidya kwa malire cha ku Chipata, a kufiyeta amakhala ndi njira ziwiri zoti asamve mpeni. Akhoza kumugonetsa tulo tofa nato, kapena kumubaya jakisoni pamsana kuti thupi lichite dzanzi kuyambira m'chifuwa mpaka kumapazi. Ambiri mukawafunsa amati bola tulo, poti wogona saona kanthu. Koma kwa munthu wa chilungulira, ndipo amayi apakati ambiri chimawasautsa, tuloto tili ndi ngozi yake.

Chilungulira chimabwera asidi wa m'chifu akamakwera kum'mero chifukwa khomo la chifulo silikutsekeka bwino. Munthu akakhala maso, asidiyo amamumeza kapena kumutsokomola. Mankhwala ogonetsa amagonetsa ndi kutsokomola komwe, ndiye zam'mimba zimatha kulowa m'mapapo n'kuwawotcha, mwini wake osadziwa. Dokotala Curtis Mendelson wa ku New York analemba za vutoli mu 1946, atalipeza mwa amayi 66 pa amayi 44,016 amene anachira pachipatala chake.

N'chifukwa chake kugonetsa munthu wotere ndi ntchito ya changu ndi manja odziwa. Ayambe wamwa omeprazole kapena mankhwala ena ochepetsa asidi. Kenako amupumitse okosijeni, abaye mankhwala ogwira msanga, wina akanikize pakholingo ndi zala, wogonetsayo alowetse paipi yokhala ndi kabaluni kotseka njira ya kumapapo. Mphindi yapakatiyo, wodwala atagona koma paipi isanakhale m'malo, ndiyo yoopsa. Tsono kukhosi kwa mayi wapakati kumakhala kotupirako, paipi nthawi zina imakana. Pomudzutsanso, paipiyo sachotsa mpaka atatsitsimuka ndithu.

Jakisoni wa pamsana mphindi yoopsa ija amailambalala. Mankhwala a bupivacaine pang'ono chabe, miyendo yalemera, koma mayi akupuma yekha, akumeza, ndipo mwana akalira amamumva ndi makutu ake. Dokotala Paul Fenton, amene anaphunzitsa ogonetsa odwala ambiri kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anafalitsa ndi anzake mu 2003 kafukufuku wa maopaleshoni 8,070 obadwitsa ana m'zipatala za m'Malawi muno. Imfa za amayi zinali zochepa mwa obayidwa pamsana kusiyana ndi ogonetsedwa, ngakhale tisaiwale kuti ogonetsedwa nthawi zambiri amakhala odwalitsitsa kale.

Si kuti jakisoniyu alibe zovuta. Amatsitsa BP, ena amachita nseru, ena mutu umawapweteka masiku angapo. Mayi amene wataya magazi ambiri, monga chiberekero chikaphulika, akhoza kukomoka naye. Pa maopaleshoni enanso, bambo wa matumbo opotana, mimba ili tantha, kawirikawiri amafunika kugonetsa basi. Komanso jakisoniyo amatha kukana kugwira, n'kusinthira ku tulo opaleshoni ili mkati.

Kuona kwanga, pamene zonse ziwiri zingatheke, wa chilungulira ndi wotetezeka kwambiri ndi jakisoni wa pamsana, ndipo mantha oti amapha msana asamukanitse. Koma poti tulo tikhoza kufunika mwadzidzidzi, lamulo la kusala limakhudza onse: pa opaleshoni yokonzekera, maola 6 osadya chakudya, maola 2 osamwa ngakhale madzi. Phala ndi thobwa ndi chakudya, si madzi ayi.

Inu odikirira odwala, chifundo chisakupangitseni kum'patsa phala mobisa kuti apeze mphamvu. Ngati wadya kale, nenani nthawi yake yeniyeni, sakubwezani. Ndipo inu odwala, wogonetsa akabwera pabedi kudzakufunsani, muuzeni kuti muli ndi chilungulira ngakhale iye asanachitchule.