Ku France gombe si la abwana okha

Mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira ku Nice atandiuza kuti tikaone matauni a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, kum'mwera kwa France, ndinamufunsa kuti, "Kodi iwe, ndalama za hotela zichokera kuti?" Iye anangoseka. "Amalume, tizikagona m'tenti."

M'tenti? Ine ndi imvi zangazi, kuchoka ku Limbe konse kuja kudzagona pansi ngati ndili pamaliro? Koma ndinalola, poti thumba ndilo linkalamula.

Tinayambira ku Nice komweko, kumene gombe lake ndi la timiyala tokhatokha, moti ukayenda wopanda nsapato umavina popanda ng'oma. Kenako sitima ya pamtunda inatifikitsa ku Cannes, kuja kumasonkhana akatswiri a kanema mwezi wa May. Kumeneko tinangodya buledi wathu pa benchi n'kupitirira mpaka ku Fréjus, dera lodzaza ndi misasa ya alendo.

Musaganize za msasa wa udzu, awerengi. Ndi malo aakulu okhala ndi mipopi, mabafa, zimbudzi, magetsi ndi kagolosale. Umalipira kagawo kako n'kukhomapo tenti. Woyandikana nafe anali dalaivala wa basi wa ku Lyon, amene anabwera ndi mkazi, ana ndi mapoto omwe. Anthu ngati iyeyu anayamba kufika kunyanja boma litakhazikitsa lamulo mu 1936 loti wantchito aliyense azipuma masabata awiri pachaka uku akulandira malipiro. Mu 1982 masabatawo anafika pa asanu. Tchuthi analandiradi, koma za hotela analibe, ndiye ambiri anagula matenti.

Tauni ya Saint-Tropez ilibe njanji, choncho tinakwera boti kuchokera ku Sainte-Maxime. Kale kanali kamudzi ka asodzi ndi ojambula zithunzi, koma kanema wa Brigitte Bardot atatuluka mu 1956 anthu achuma anakhamukirako. Padoko pake pamaima maboti aakulu ngati nyumba zosanja.

Chimene chinandidabwitsa si mabotiwo ayi. Ndi kanjira ka miyendo kotsata m'mphepete mwa madzi, kodutsa kumaso kwenikweni kwa nyumba za mabwana. Ine ndinaima kaye, kudikira kuti galu kapena mlonda atulukire. Mnyamata uja anati, "Tiyeni amalume, lamulo lili kumbali yathu." Ndipo zoonadi, lamulo la 1976 limati mwini malo a m'mbali mwa nyanja asiye mamita atatu oti anthu oyenda pansi azidutsapo. La 1986 linaletsa kumanga nyumba pa mamita 100 kuchokera kugombe m'madera a kunja kwa tauni. Kuyambira 2006, pagombe lachilengedwe amalonda obwereketsa mipando ndi maambulera saloledwa kutenga malo oposa magawo 20 mwa 100 alionse. Kotsalako aliyense amayala nsalu yake ulele.

Sikuti zonse n'zokoma. Nyumba zina zakale lamulo la kanjirali silizikhudza, ndipo eni malo ena amakokana ndi boma m'makhoti zaka ndi zaka. Mwezi wa August anthu amathithikana ngati pamsika wa Limbe kumapeto kwa mwezi. Komabe dalaivala uja ndi ana ake ankasamba madzi omwewo amene mwini boti ankasamba, osapempha chilolezo kwa munthu.

Mtima wanga unathamangira ku Mangochi. Amene munayendako kunyanja yathu mukudziwa kuti malo ena makoteji ndi mahotela anandondozana, mipanda yake kutsika mpaka pamchenga, moti mayi wa m'mudzi amazungulira mtunda ndi ndowa kuti akapeze potunga, msodzi naye kusowa pokocheza bwato. Ineyo tsiku lina ndikuyenda pagombe kumeneko, nsapato zili m'manja, mlonda wa koteji ina anandithamangira. Anali munthu waulemu ndithu, wa m'mudzi womwewo. Anati, "Pepani bambo, bwererani. Kuno n'kwa abwana."