Madeya okha sakudzazirani thireyi

Thumba la chakudya cha nkhuku zoikira likakwera mtengo, ambiri amathamangira kuchigayo kukagula madeya kuti asakanize, thumbalo likhalitse. Masiku oyamba zimaoneka ngati mwapulumutsa ndalama. Pakapita sabata ziwiri, mazira amachepa, amang'aluka pathireyi ndipo makasitomala amayamba kudandaula.

Tiyambe ndi masamu. Nkhuku imodzi yoikira imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku. Choncho nkhuku 100 zimamaliza thumba la makilogalamu 50 m'masiku anayi okha. Chakudyacho chimayenera kukhala ndi mapuloteni okwana 16 mpaka 18 pa 100 alionse, pomwe madeya ali ndi pafupifupi 10 basi. Mukathira madeya ambiri, nkhuku imakhuta koma imasowa zopangira dzira. Tiyerekeze kuti mumatola mazira 85 patsiku ndipo atsika kufika pa 60. Ndiye kuti mukutaya pafupifupi thireyi yathunthu tsiku lililonse. Yerekezani mtengo wa thireyiyo ndi ndalama zomwe mwapulumutsa pa madeya, muona nokha.

Chachiwiri ndi chigoba. Dzira limatenga maola pafupifupi 25 kuti lipangike, ndipo 20 mwa maolawa amathera pa chigoba, makamaka usiku. Nkhuku imafuna magalamu 4 a kasiyamu patsiku. Akasowa m'chakudya, thupi limamutenga m'mafupa, mapeto ake miyendo imafooka ndipo mazira amatuluka ofewa. Ikani laimu wa ziweto wamibulumibulu m'kambale kapadera, makamaka madzulo. Laimu womangira nyumba ayi, ameneyo amawotcha. Zigoba za mazira nazonso zimathandiza, koma muziwiritse, muziumitse ndi kuzisinja, kuopa kuti nkhuku zingazolowere kujompha mazira.

Madzi musawaiwale. Nkhuku 100 zimamwa malita 20 mpaka 25 patsiku, ndipo kukatentha monga mu Okutobala zimamwa oposa apa. Nyengo yotenthayi nkhuku zimadya pang'ono ndipo zigoba zimapyapyala, choncho zipatseni chakudya m'mawa kwambiri ndi madzulo kukazizira.

Makasitomala ambiri amakonda dzira lachikasu kwambiri m'kati. Mtunduwo umachokera ku chakudya. Chimanga choyera chimapereka chikasu chotuwa, pomwe chimanga chachikasu ndi masamba monga bonongwe, chisoso kapena chammwamba zimaukoleza.

Ngati mumasakaniza nokha chakudya, kazingani soya musanagayitse, chifukwa wamuwisi sagayika bwino m'mimba mwa nkhuku. Usipa ndi wabwino, koma ukachuluka dzira limamveka fungo la nsomba. Chimanga chowola kapena chachuku musapatse nkhuku ngakhale chitatchipa bwanji: poizoni wake amachepetsa mazira ndipo amalowanso m'dziramo.

Kwa inu ogulitsa anapiye, nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri. Kwa masiku 21 mwanapiye amakula ndi zokhazo zomwe make anaika m'dzira. Thadzi likasowa mavitamini ndi michere, limatha kuikira ndithu, koma anapiye amafera m'chigoba kapena kuswa ali ofooka. Chigoba chopyapyala chimataya madzi msanga komanso chimalowetsa tizilombo, ndiye mazira amasukusa. N'chifukwa chake nkhuku zambewu, kaya ndi zachikuda kapena za Mikolongwe, ziyenera kuyamba kudya bwino sabata zingapo musanayambe kusunga mazira ake. Tambala nayenso adye mokwanira, ndipo mmodzi asapitirire mathadzi khumi. Sankhani mazira aukhondo, osang'aluka, osapitirira masiku 7 chiikireni, kaya mufungatiritsa thadzi kapena makina.

Nanunso opikula mazira mungadziteteze. Musanalipire, tengani mazira angapo pathireyi muwaunike ndi tochi ya foni pamalo amdima: ming'alu yobisika imaonekera. Iswani limodzi pambale. Dzira labwino ndi latsopano chikasu chake chimaima, ndipo choyera chake sichiyenderera ngati madzi. Mazira akamasweka kawirikawiri panjira ngakhale mwawanyamula bwino, funsani mlimi wanu zomwe akudyetsa nkhuku zake.

Sabata ino yesani izi: lembani m'kope makilogalamu a chakudya omwe mwapereka, mazira omwe mwatola ndi omwe asweka tsiku lililonse. Pakutha pa mwezi, kopelo likuuzani ngati madeya aja akukupindulirani kapena akukudyerani mpamba.