Ndege Zopopera Mankhwala ndi Ming'oma ya kwa Kasisi

Munthu wochokera ku Blantyre akatsika mapiri, nawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, nakhotera kumpoto pa boma la Chikwawa, alowa m'dziko la Mfumu Kasisi. Dzinali ndi lakale, pakuti Kasisi woyamba ndiye Ramakukan, mmodzi wa Amakololo aja amene anabwera ndi Dr. Livingstone nakhazikika m'chigwamo. Anthu a kumeneko alima thonje, mapira, mchewere ndi chimanga cha kudimba. Koma chiyambire chaka cha 2003, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalango ya Majete mogwirizana ndi Boma, ntchito ina yakula m'midzi yozinga nkhalangoyo, ndiyo yoweta njuchi. Anthu amene kale analowa m'tchire kukatcha misampha analangizidwa kupachika ming'oma, ndipo uchi wasanduka ndalama za sukulu ndi za chigayo m'mabanja ambiri.

Tsono alimi a njuchiwa, pamodzi ndi eni madimba, ali ndi chifukwa choyang'anira kumwamba. Mu 2020 inayamba ntchito yokumba ngalande yaikulu yotenga madzi a Shire pa Kapichira, pansi pa chikonzero chotchedwa Shire Valley Transformation Programme, chimene cholinga chake ndicho kuthirira mahekitala 43,370 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Minda ing'onoing'ono iyenera kuphatikizidwa kukhala minda yaikulu ya makopaletivu. Ichi ndi chitukuko chimene chigwa chachilala chinachiyembekeza zaka zambiri, ndipo palibe wanzeru angachikane. Komatu munda ukakula, kasamalidwe kake kasinthanso. Pamene mlimi mmodzi anayenda ndi mpope kumsana, woyang'anira munda wa mahekitala mazanamazana aganiza za ndege, kapena za tindege tating'ono topanda woyendetsa timene tafala masiku ano. Funso la mwini ming'oma ndi lalifupi: kodi mankhwala ogwa kuchokera kumwamba adziwa malire a munda?

Kuli kofunika kuti akalaliki a Boma ndi aphunzitsi, amene anthu a kumudzi amadza kwa iwo ndi mafunso, asiyanitse zinthu ziwiri zimene kawirikawiri zisokonezedwa pokamba nkhaniyi.

Choyamba ndi mankhwala okhwimitsa nzimbe. Kampani ya Lonrho inatsegula munda wa Nchalo mu 1965, ndipo mu 1997 mundawo unalowa m'manja mwa Illovo. Alimi ang'onoang'ono a ku Kasinthula nawonso anayamba kulima nzimbe kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. M'minda yaikulu ya nzimbe ya kummwera kwa Afrika muli mwambo wopopera mankhwala ndi ndege masabata angapo nzimbe zisanadulidwe, chifukwa nzimbe zitatalika munthu kapena thirakitala sangathe kupitamo. Ena mwa mankhwalawa, monga glyphosate ndi fluazifop, ali mankhwala ophera udzu amene athiridwa pa muyeso wochepa ndithu, kuti nzimbe ileke kukula nisunge shuga m'thunthu mwake. Sapangidwira kupha tizilombo, kotero kuti njuchi sindizo ziyamba kuvutika nawo. Wovutika ndiye mwini dimba. Chimanga, mapira, mchewere ndi mpunga zonse ndi za mtundu wa udzu monga nzimbe yomwe, ndipo chimene chiimitsa nzimbe yokhwima chikhoza kupinimbiritsa chimanga chanthete. Choipa china nchakuti chizindikiro sichioneka tsiku lomwelo. Masamba ayamba kuyezuka patapita sabata kapena kuposerapo, ndege itaiwalika kale, ndipo mlimi sadziwa ngati anene dzuwa, mbozi kapena mnansi wake.

Chachiwiri ndi mankhwala ophera tizilombo, ndipo apa ndipo pali imfa ya njuchi. Dziko lino liwadziwa makamaka chifukwa cha dzombe lofiira. Mliri wa dzombe umene unayamba cha m'ma 1930 unasakaza maiko ambiri a Afrika kufikira m'zaka za nkhondo yachiwiri, ndipo chifukwa cha uwo maboma anakhazikitsa mu 1949 bungwe lolimbana ndi dzombe ku Abercorn, kumene tsopano kutchedwa Mbala. Bungwe lolowa m'malo mwake lili ndi likulu ku Ndola, Malawi ali membala wake, ndipo madambo a nyanja ya Chilwa ali amodzi a malo oswanirana dzombe amene liwayang'anira. Dzombe likauluka palibe nthawi ya misonkhano, ndipo ndege ndiyo yokha ingalipeze pakati pa dambo. Koma fenitrothion, mankhwala amene agwiritsidwa ntchito zaka zambiri pa nkhondoyi, sasankha pakati pa dzombe ndi njuchi. Ndiponso anthu a m'chigwa adya dzombe ngati ndiwo, ndipo mwana wotola dzombe lakugwa lokha safunsa chimene chaligwetsa.

Mng'oma wolowedwa ndi mankhwala otere sabisika. Njuchi zakufa ziunjikana pakhomo, zina zikwawa pansi zili kunjenjemera, ndipo m'kati ana afa m'zisa posowa owadyetsa. Anthu ena amati mwini ming'oma angoichotsa m'mbali mwa munda, koma onena chotero sanasenzepo mng'oma wodzala. Njuchi iuluka makilomita awiri kapena atatu kufuna maluwa, ndipo m'chilimwe itsata madzi kulikonse, ngakhale m'tingalande ta m'munda wopoperedwa. Kutseka mng'oma nakonso kuli ndi malire ake. Kwa Kasisi m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kupitirira madigiri 40, ndipo njuchi zotsekeredwa tsiku lathunthu zifa ndi kutentha zisanaone nkomwe mankhwalawo. Chotheka ndicho kutseka maola owerengeka okha, mng'oma utafunditsidwa chiguduli chonyowa, ndipo ichi chitheka pokhapokha mwini wake atauzidwa tsiku ndi ola.

Pali chinthu chimodzi chimene oweta njuchi sakonda kuchimva, koma chiyenera kunenedwa. Mdani wa njuchi wa tsiku ndi tsiku m'chigwamo sakhala kumwamba ayi. Kuyambira pa chikonzero chotukula thonje m'boma la Chikwawa cha 1968, mpope woberekedwa kumsana wakhala chida cha mlimi wa thonje, ndipo carbaryl ndi DDT amene analangizidwa m'zaka zimenezo anali aululu kwa njuchi, makamaka carbaryl. Pamene mbozi zachilendo zinagwa m'chimanga mu 2017, kufikira Boma linalengeza tsoka m'maboma 20 mu Disembala wa chaka chimenecho, kupopera kunachuluka koposa. Mlimi wopopera thonje lamaluwa dzuwa lili pamutu akhoza kupha njuchi za mlamu wake, ndipo nthawi zina mwini mpope ndi mwini mng'oma ali munthu mmodzi yemweyo. Kusiyana kwake nkwakuti mlandu wa mpope uweruzidwa pabwalo la nyakwawa, koma woyendetsa ndege palibe amdziwa dzina.

Mwini dimba nayenso ataya njuchi zikatha, ngakhale alibe mng'oma. Maungu, nkhaka ndi mavwende sizibala popanda tizilombo tonyamula mungu kuchokera ku duwa lachimuna kunka ku lachikazi, ndipo chitowe, mango ndi thonje lomwe zichita bwino kumene njuchi zili zambiri.

Maiko ena anayesa njira zosiyanasiyana. Maiko a European Union anagwirizana mu 2009 kuletsa kupopera ndi ndege, kupatula pamene chilolezo chapadera chaperekedwa. Chigwa cha Shire sichingatengere lamulo limenelo monga liliri, pakuti dzombe silidikira chilolezo. Chitsanzo choyandikira chichokera ku Tanzania. Chaka chomwecho cha 2009, m'zigwa za Iku-Katavi, bungwe la ku Ndola lija pamodzi ndi FAO anapopera mahekitala ngati 10,000 ndi Green Muscle, mankhwala opangidwa kuchokera ku nkhungu imene idwalitsa dzombe ndi ziwala nisiya tizilombo tina tambiri. Agwira mochedwa, sabata imodzi kufikira atatu, chifukwa chake afunika kuthiridwa dzombe likali m'dambo, lisanayandikire minda.

Kuno kwathu malamulo alipo. Lamulo la mankhwala ophera tizilombo la 2000 linakhazikitsa Pesticides Control Board, imene ofesi yake ili ku Bvumbwe, ndipo lamulo la chilengedwe la 2017 lifuna kuti ntchito zazikulu ziunikidwe zisanayambe. Koma mtunda wa pakati pa Bvumbwe ndi mtengo wopachikapo mng'oma kwa Kasisi ndi wautali, ndipo oufupikitsa ndiwo alangizi a zaulimi, mafumu ndi aphunzitsi. Zofunika pa iwo sizidya ndalama zambiri. Mlangizi akhale ndi kaundula wa ming'oma yonse ya m'dera lake, kuti wokonza zopopera adziwe pamene ili. Chenjezo liperekedwe masiku awiri kapena atatu ntchito isanachitike, lonena tsiku, ola ndi dzina la mankhwala, ndipo lipite ku sukulu, pakuti uthenga wonenedwa pa mzere wa m'mawa ufika m'nyumba zonse dzuwa lisanalowe. Mphepo ikaomba kulunjika kumudzi kapena kumadimba, ndege ikhale pansi.

Ndipo ngati njuchi zafa kapena chimanga chayezuka, kulira kokha sikupambana mlandu. Mwini wake alembe tsiku, ola ndi kumene mphepo inachokera, atole njuchi zakufa zodzala dzanja naziike m'botolo loyera, azule mapesi awiri kapena atatu, naitane mlangizi ndi nyakwawa kuti aone ndi maso awo tsiku lomwelo, nyerere zisanachotse umboniwo. Ambiri a oweta njuchi achikulire sadziwa kulemba, koma pafupifupi aliyense ali ndi mdzukulu wa Sitandade 7 amene ali ndi kope ndi pensulo.