LAMBA WOBISIKA M'INJINI YA GALIMOTO

Mwezi wathawu, pamene tinali kuyendera alimi a mpunga ku sikimu ya Likangala, m'dera la Mfumu Mwambo m'boma la Zomba, tinapeza galimoto ya katundu itaima pambali pa msewu wochokera ku doko la Kachulu. Inali itasenza madengu a matemba ndi milamba ya m'nyanja ya Chilwa, ndipo eni katunduyo anali atangogwira njakata pansi pa mtengo. Dalaivala anatiuza kuti injini inangozima yokha galimoto ili pa ulendo, popanda phokoso lochenjeza. Iye anailiza kambirimbiri, anyamata naikankha, koma osatheka. Makaniko atafika madzulo kuchokera ku Zomba anatsegula chivindikiro cha kutsogolo kwa injini, napeza kuti lamba wa m'kati waduka ndipo mavavu apindika. Nsomba zaziwisi zinawola, ndipo galimotoyo inachoka pamalopo mochita kukokedwa.

Masiku ano anthu ambiri a m'midzi akugula magalimoto, ena paokha, ena pagulu. Ngakhale amene alibe, amadalira galimoto potumiza mpunga kumsika kapena pothamangira ndi wodwala ku chipatala chachikulu cha Zomba. Chotero taona kuti n'kwabwino kufotokozera owerenga athu za lamba ameneyu.

Kodi lambayu ndi wotani?

M'galimoto muli malamba a mitundu iwiri. Mukatsegula boneti mumaona lamba wa fani, amene ali poyera. Iyeyu akaduka, nyali ya batire imayaka ndipo kawirikawiri injini imatentha, koma mukaima msanga vuto silikula. Winayo saoneka, pakuti amakhala m'kati mwa chivindikiro. Ndi wa mphira wolimbitsidwa ndi ulusi, ndipo ali ndi mano kumimba kwake. Amakaniko amamutcha timing belt.

Malamba a mano anayamba kupangidwa ku America m'zaka za m'ma 1940, poyendetsa makina ena. Mu 1962 galimoto ya ku Germany yotchedwa Glas 1004 inatuluka ndi lamba wotere m'injini yake, ndipo opanga ena anatsatira chifukwa lamba ndi wopepuka, wosachita phokoso ndiponso safuna oilo.

Ntchito yake

Taganizani za amayi awiri amene akusinja mu mtondo umodzi. Wina akatsitsa munsi, mnzake amakhala atakweza wake. Malinga akusunga nthawi, ntchito imayenda bwino. Koma wina akangophonya, minsi imagundana. M'injini mulinso chimodzimodzi. Mapisitoni amakwera ndi kutsika, ndipo pamwamba pawo pali mavavu amene amatseguka kuti mpweya ulowe ndi kuti utsi utuluke. Pisitoni ikafika pamwamba, vavu iyenera kukhala itachokapo.

Mapisitoni amazunguza chitsulo cha pansi chotchedwa crankshaft, pamene mavavu amatsegulidwa ndi chitsulo cha pamwamba chotchedwa camshaft. Lamba wa mano ndiye amamanga ziwirizi pamodzi, kotero kuti cha pansi chikazungulira kawiri, cha pamwamba chizungulire kamodzi. Injini ikamathamanga maulendo 3,000 pa mphindi, ndiye kuti crankshaft ikuzungulira maulendo 50 pa sekondi imodzi. M'mainjini ambiri a dizilo lamba yemweyu amayendetsanso pampu ya mafuta.

Tsono lamba akaduka, camshaft imaima pomwepo, mavavu ena ali otseguka, koma mapisitoni amapitirira kukwera, nawamenya. Mainjini ena a petulo ali ndi mpata wokwanira kotero kuti zimangozima osagundana. Koma mu injini ya dizilo mpatawo ndi wochepa ndithu, ndipo kuonongeka kumakhala kwakukulu: mavavu amapindika, nthawi zina pisitoni kapena mutu wa injini zimasweka. Ndalama zokonzera zimenezi zimaposa kutali mtengo wa lamba watsopano.

Kodi galimoto yanu ili naye?

Si galimoto iliyonse ili ndi lamba ameneyu. Magalimoto a Toyota Sienta ndi Probox a injini yotchedwa 1NZ ali ndi tcheni cha chitsulo m'malo mwake. Tcheni chimakhalitsa, malinga musintha oilo pa nthawi yake, ndipo chikatha chimayamba kuchita phokoso. Koma maminibasi a Hiace ndi magalimoto a Hilux a injini za dizilo zotchedwa 3L, 5L, 1KD ndi 2KD ali ndi lamba. Hilux ya injini ya mtundu wa GD, imene inayamba kutuluka mu 2015, ili ndi tcheni. Safunsa anadya phula: ngati simudziwa, funsani makaniko wodalirika kapena onani m'buku la galimoto yanu.

Asinthidwe liti?

Apa ndiye pali mutu wa nkhani yathu. Tayala likatha mumaliona. Mabuleki akatha amalira. Koma lamba ameneyu kawirikawiri sachenjeza, ndipo angathe kuoneka bwino kunja pamene ulusi wa m'kati watopa. Chifukwa chake sasinthidwa poyembekeza kuti aonetse vuto, koma powerenga mtunda ndi zaka.

Pa mainjini a 3L ndi 5L, mtunda wodziwika ndi makilomita 100,000. Pa mainjini ena opanga amalamula mtunda wocheperapo kapena wochulukirapo. Mphira amakalambanso ngakhale galimoto itangokhala, kotero lamba amene watha zaka 5 kapena 6 ayenera kukayikiridwa ngakhale mtunda usanakwane.

Aphunzitsi angapatse ana samu iyi. Kuchokera ku Kachulu kufika ku Zomba ndi pafupifupi makilomita 30. Galimoto yopita ndi kubwerera kawiri pa tsiku imayenda makilomita 120. Kodi idzakwanitsa makilomita 100,000 patapita masiku angati? Yankho lake ndi masiku pafupifupi 833, ndiko kuti zaka 2 ndi miyezi 3 ndi masiku owerengeka.

Magalimoto ena a Toyota ali ndi nyali yolembedwa kuti T-BELT. Nyali imeneyi siona lamba ayi, imangowerenga mtunda. Munthu akaizimitsa osasintha lamba, wangodzinamiza yekha.

Magalimoto ambiri a kuno amabwera kuchokera ku Japan atagwirapo kale ntchito. Pogula, yang'anani pa chivindikiro cha lamba. Nthawi zambiri pamakhala kapepala komata kosonyeza mtunda umene lamba anasinthidwira. Ngati palibe, kapena ngati wotchi ya mtunda inafa, sinthani lamba musanayambe maulendo.

Dziwaninso kuti misewu yathu ya kunyanja imafupikitsa moyo wa lamba. M'chilimwe muli fumbi, m'dzinja muli matope ndi madzi. Chivindikiro chosweka kapena chosowa mabauti chimalowetsa mchenga ndi timiyala. Oilo wodontha ndiye mdani woposa onse, pakuti amafewetsa mphira mpaka mano kusosoka.

Asinthidwe pamodzi ndi anzake

Ena posunga ndalama amagula lamba yekha. Kumeneko n'kumanga denga latsopano pa nsichi zodyedwa ndi chiswe. Lamba amayenda pa kawilo komukunga, kotchedwa tenshona, ndi pa kawilo kena komulondolera. Timawilo timeneti tayenda mtunda womwewo umene lamba wakale wayenda, ndipo kamodzi kakauma kamadula ngakhale lamba watsopano. Sinthaninso mphira zotsekera oilo pa crankshaft ndi pa camshaft ngati zayamba kunyowa. M'mainjini ena pampu ya madzi imayendetsedwa ndi lamba yemweyu, ndipo ndi nzeru kuisintha tsiku lomwelo, chifukwa ntchito yomasula ndi imodzi.

Chenjeraninso ndi zipangizo zachinyengo zogulitsidwa motchipa m'makatoni okongola. Paja akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Pitani kusitolo ndi nambala ya injini yanu, ndipo yerekezani lamba watsopano ndi wakale powerenga mano.

Mmene ntchitoyi imachitikira

Iyi si ntchito yoyesera pansi pa mtengo ndi sipanala imodzi. Koma mwini galimoto ayenera kudziwa zimene makaniko wabwino amachita, kuti athe kuona ngati ntchito yalongosoka.

1. Amayembekeza injini izizire, nachotsa waya wa batire.
2. Amachotsa malamba a kunja, wilo la pa crankshaft ndi chivindikiro.
3. Amazunguza injini ndi dzanja kufikira zizindikiro zimene opanga anadinda pa mawilo a mano zitayang'anizana ndi zinzake za pa injini.
4. Amamasula tenshona, nachotsa lamba wakale. Kuyambira apa sazunguzanso chitsulo chilichonse mwachisawawa.
5. Amaika timawilo ndi mphira zatsopano, napukuta oilo yense.
6. Amavala lamba watsopano ndi manja oyera, osamupinda mwamphamvu, osamukanikiza ndi chitsulo.
7. Amakunga lamba, nazunguza injini ndi dzanja maulendo awiri athunthu. Zizindikiro zonse ziyenera kubwerera pamalo pake. Lamba akaphonya ngakhale dzino limodzi, injini imafooka, imafuka utsi kapena imavuta kulira.
8. Zonse zikakhala bwino, ndi pamene amabwezera chivindikiro ndi mabauti ake onse, naliza injini.

Ntchito ikatha, pemphani kuti akupatseni zipangizo zakale kuti mutsimikize kuti zasinthidwadi. Kenaka lembani tsiku ndi mtunda m'kabuku kosungidwa m'galimoto. Ngati galimotoyo ndi ya gulu, mlembi alembe m'buku la gulu, ndipo msungichuma azipatula kangachepe mwezi uliwonse kuti tsiku losintha likafika ndalama zikhale zilipo.

Akadukira panjira

Injini ikazima mwadzidzidzi, ndipo poiliza mukumva sitata ikuzungulira mopepuka kuposa masiku onse, lekani pomwepo. Musailizenso, ndipo musalole anthu kuikankha kuti ilire, pakuti kutero kungaonjezere kuonongeka. Ikankhireni pambali pa msewu giya ili pa fili, ikani zizindikiro zochenjeza, muitane makaniko.

Tikupempha aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga kuti awerengere nkhaniyi madalaivala ndi eni magalimoto a m'midzi mwawo, makamaka nyengo yokolola mpunga isanafike, pamene magalimoto amasenza katundu wolemera usana ndi usiku. Mwezi wamawa tidzafotokoza za kasamalidwe ka mabuleki m'nyengo ya mvula.