Makadi a Tarot: Kumene Adachokera ndi Zimene Mpingo Umaphunzitsa

Masiku ano achinyamata athu ena akuphunzira pa intaneti kuwerenga makadi otchedwa tarot, pofuna kudziwira okha zam'tsogolo popanda kupita kwa woombeza. Iwo amafunsa kuti cholakwika n'chiyani, poti ndi mapepala chabe. Tisanayankhe, tiyeni tione kaye kumene makadiwa adachokera.

Makadi a tarot adayambira kumpoto kwa dziko la Italy, m'mizinda ya Milan ndi Ferrara, cha m'ma 1440, ndipo adali masewera a mabanja olemera. Onse pamodzi alipo 78. Mwa amenewa, 56 amagawidwa m'magulu anayi monga makadi wamba, pamene 22 ali ndi zithunzi zapadera, monga Papa, Mfumu, Chilungamo, Imfa ndi Chiweruzo. Zoombezera zidatchuka ku France patapita zaka zoposa 300. M'chaka cha 1781, Antoine Court de Gébelin adalemba kuti makadiwa amasunga nzeru zobisika za ansembe a ku Ejipito wakale, koma sadapereke umboni uliwonse. Makadi amene ophunzira ambiri amayambira lero adasindikizidwa ku London mu 1909. Adawakonza ndi Arthur Edward Waite, ndipo zithunzi zake adajambula ndi Pamela Colman Smith.

Wophunzira amaloweza tanthauzo la khadi lililonse. Kenaka amasakaniza makadiwo, nafunsa funso, nayala atatu oimira zakale, zalero ndi zam'tsogolo. Khadi la Imfa, la nambala 13, amati silinena za maliro koma kusintha kwa moyo. Apa tikuona kuti matanthauzowa adaika ndi anthu, ndipo khadi limatuluka mwamwayi. Wodziwerengera yekha amapezamo zimene mtima wake ukulakalaka kapena kuopa. Ngozi imadza pamene munthu athetsa chibwenzi, asiya sukulu kapena akayikira mbale wake chifukwa cha khadi limene latuluka.

Buku la Deuteronomo, mutu 18, limaletsa kuombeza. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene Papa Yohane Paulo Wachiwiri adavomereza mu 1992, pa nambala 2116 amakana kuombeza kwa mtundu uliwonse, chifukwa kumabisa chilakolako cholamulira nthawi ndi zochitika, ndipo kumatsutsana ndi ulemu umene tiyenera kupereka kwa Mulungu yekha. Choncho kaya ndi ula wa kumudzi, kaya ndi makadi a pa foni, vuto ndi limodzi: tafunsa cholengedwa zimene adziwa ndi Mlengi yekha.

Makolo athu adati chakudza sichiimba ng'oma. Kuda nkhawa ndi zamawa si tchimo, ndipo Mpingo sutiletsa kukonzekera. Tipemphere, tifunse nzeru kwa makolo, ansembe ndi anzathu a m'mphakati, tigwire ntchito molimbika, ndipo zotsalazo tiziike m'manja mwa Mulungu.