Mwana angasamuke, koma khoti lake silisamuka naye

Ku United States, banja likasokonekera khoti lisanagamule za amene azikhala ndi mwana, mayi ndi bambo okwatirana amakhala ndi ufulu wofanana pa mwanayo. Choncho amene wanyamula mwana kuchoka ku Texas kupita ku Ohio nthawi zambiri sakhala ataswa lamulo tsiku limenelo. Koma ngati akuganiza kuti akasumira komweko, kutali ndi mnzake, akudzinamiza. Lamulo la UCCJEA, lomwe linalembedwa mu 1997 ndipo pafupifupi zigawo zonse zimalitsatira, limapereka mlanduwo kukhoti la chigawo chimene mwana wakhalamo miyezi 6 yotsatizana. Ngati kholo lina latsala ku Texas, khoti la kumeneko limakhalabe ndi mphamvu kwa miyezi 6 chichokereni mwanayo. Wotsalayo akangosuma, woweruza atha kulamula kuti mwana abwerere, ndipo kumuchotsa kusukulu pakati pa teremu kapena kusintha nambala ya foni mwakachetechete kumasanduka umboni wakuti wosamukayo sakufuna kuti mwana azionana ndi kholo lake lina.

Wina anganene kuti ndiye kuli bwino kubisala mpaka miyezi 6 ithe. Olemba lamuloli anaziwoneratu zimenezi: khoti latsopano liyenera kuukana mlandu umene lafikiridwa nawo mwachinyengo chotere, pokhapokha patakhala zifukwa zina zochepa zimene lamulo limatchula.

Funso lolemera ndi la mayi amene akuthawa nkhanza, chifukwa kumuuza kuti ayambe wapempha chilolezo kwa amene akumumenya n'kupanda nzeru. Apa khoti la kumene wathawira litha kupereka chigamulo chadzidzidzi choteteza mwana, ngakhale chimakhala chakanthawi chabe, ndipo oweruza a zigawo ziwirizo amayenera kulumikizana. Ku California, wothawa chonchi sazengedwa mlandu wobisa mwana ngati wadziwitsa ofesi ya woimira boma pa milandu pasanathe masiku 10 ndi kutsegula mlandu pasanathe masiku 30. Nthawi imeneyi ndi yochepa kwa munthu wogona kumalo obisalira, komabe ikusonyeza kuti chomuteteza ndicho kuonekera msanga kukhoti.

Malamulo amasiyananso chigawo ndi chigawo. Ku California komweko, zikalata za chisudzulo zikangotuluka zimaletsa kutulutsa mwana m'chigawomo popanda chilolezo cholembedwa cha kholo linalo kapena cha khoti. Ku Georgia, ngati makolo sanakwatirane, mphamvu zonse zili kwa mayi kufikira bambo atavomerezedwa mwalamulo, ndiye bambo wonyamula mwana zimenezi zisanachitike angathe kumangidwa.